Matambula akungosweka: vuto ndi makina kapena dzanja langa?

FUNSO



Ndine mayi wa ana awiri ndipo ndimakhala ku Zomba. Ntchito yanga ndi yokongoletsa malo a maukwati, zinkhoswe ndi maphwando. Miyezi yapitayi ndinaona pa Facebook munthu wina akulemba mayina a mkwati ndi mkwatibwi pa matambula a galasi, pogwiritsa ntchito kamakina kogwira m'manja. Zinandisangalatsa kwambiri moti ndinabwereka kamakina kopalira zikhadabo kwa mng'ono wanga yemwe ali ndi saluni, n'kuyamba kuyeserera.

Koma zinthu sizikuyenda. Matambula awiri anang'aluka ndili mkati molemba. Ina inangophulika yokha n'kusanduka timiyalamiyala nditaiika kale patebulo. Amene apulumuka, zilembo zake n'zokhota, zina zazikulu zina zazing'ono. Mnzanga akuti vuto ndi makinawo, ndiitanitse a Dremel kuchokera ku Johannesburg, koma mtengo wake ndi wowawa. Mwana wa achimwene anga akumanga ukwati mu Disembala ndipo ndinalonjeza matambula 50 a alendo olemekezeka. Kodi ndigule makinawo? Nanga luso limeneli munthu angaliphunzire payekha?

Mayi wokongoletsa maukwati, Zomba

YANKHO

Mayi, zikomo chifukwa cha kalata yanu. Ndalama za makinawo zisungeni kaye. Kamakina ka kusaluniko kangathe kugwira ntchitoyi bwinobwino, bola muikemo timitu toyenera. Zimene mwafotokozazi zikuloza ku zinthu zitatu: mukukanikiza kwambiri, mukugoba galasi lili louma, ndipo tambula imene inaphulika yokhayo inali ya mtundu wosayenera kugobedwa n'komwe. Mutagula Dremel mawa koma osasintha zitatuzi, matambula adzapitirira kusweka, mwinanso mofulumira kuposa kale chifukwa makinawo ndi amphamvu.

Tsiku lina mukapita kusitolo yogulitsa magalasi a mawindo, mukaime pambali muone mmene amadulira. Sacheka ngati thabwa. Amangodutsitsa kagudumu kakang'ono pamwamba pa galasi kamodzi kokha, n'kusiya kamzere koti munthu sangakaone ali patali. Kenako amaligwira uku ndi uku n'kulithyola, ndipo limagawikana motsatira kamzereko. Ndi mmene galasi lilili: mng'alu ukangoyamba, ngakhale wochepa chotani, umangodikira chouthandiza kuti uthamange. Inuyo mukamakanikiza chida pa tambula mumakhala mukuyambitsa mng'alu wakuya, kwinaku dzanja linalo likufinya tambulayo kuti isaterereke. Ntchito yonse ya wodula magalasi uja mumakhala mwaimaliza nokha mosadziwa.

Chimene chimadula galasi ndi kulimba kwa chida. Mphamvu za mkono zilibe nazo ntchito. Pa muyeso wa kulimba kwa miyala umene Friedrich Mohs wa ku Germany anakonza mu 1812, woyambira pa 1 kulekeza pa 10, galasi lili cha pa 5.5. Mwala wa quartz, umene ndi wochuluka mumchenga, uli pa 7, ndipo dayamondi ali pa 10. Msomali wamba sufika pa galasi, n'chifukwa chake umangotereraka. Koma dayamondi akangolikhudza amagumula tizidutswa tosaoneka ndi maso, ndipo pamalo pamene pagumukapo pamakhala pokhakhala. Kuwala kukafika pamenepo kumamwazika m'malo modutsa, ndiye malowo amaoneka oyera mbee. Kuti kuyerako kuoneke sipafunika kukumba. Kukanda pamwamba chabe n'kokwanira. Choncho chida chigwireni mopepuka monga mugwirira cholembera, dayamondi agwire ntchito yake, dzanja lanu lizingomulondolera njira. Mukamva makina akusintha kaliridwe kapena akuchepa liwiro, dziwani kuti mwakanikiza.

Chachiwiri ndi madzi. Kamutu kakamazungulira pamalo amodzi kamatenthetsa kadera kakang'ono kwambiri pamene galasi lonse lili lozizira, ndipo chimachitika n'chofanana ndi kuthira tiyi wowira m'tambula yozizira m'mawa wa mu Juni. Khalani ndi kasiponji konyowa pambali, muzidontheza madzi pamene mukugobapo. Madziwo amaziziritsa galasi, amagwira fumbi kuti lisauluke, komanso amatalikitsa moyo wa timitu tanu, chifukwa dayamondi wa pa timituto amangomatidwa pamwamba pa kachitsulo ndipo kutentha kumamusosola. Chovuta chake n'chimodzi: galasi likanyowa, mzere woyera uja umabisika. Muzipukuta kawirikawiri ndi kansalu kuti muone pamene mwafika. Komanso musaime pamalo amodzi. Kamutu kaziyenda nthawi zonse.

Tibwere ku tambula imene inaphulika yokha. Magalasi sali amodzi. Ambiri amene tili nawo m'nyumba, monga mabotolo, magalasi a mawindo ndi matambula otsika mtengo, amapangidwa posungunula mchenga, soda ndi laimu. Amenewa ndi abwino pophunzirira. Pali ena amene amathiramo mtovu, omwe amalemera m'manja ndipo amalira kwa nthawi mukawagogoda ndi chala. George Ravenscroft wa ku England ndiye analandira chilolezo chopanga magalasi a mtundu umenewu mu 1674, ndipo akatswiri ogoba amawakonda chifukwa ndi ofewa komanso owala. Koma ndi odula, ndipo fumbi lake limakhala ndi mtovu, choncho musayambire pamenepo.

Ndiye pali galasi lochita kulimbitsidwa ndi moto. Likapangidwa amalitenthetsanso kupitirira madigiri 600, kenako n'kuliziziritsa mwadzidzidzi ndi mphepo. Kunja kumauma msanga n'kukhala kothinana, pamene mkati mumatsala mukukokana. Galasi lotere silisweka wamba likagwa, koma chida chikangoboola chikopa chakunjacho n'kufika m'kati, lonse limaphulika n'kusanduka timiyala. Nthawi zina limaphulika pomwepo, nthawi zina limadikira mpaka mutaliika patebulo, monga zinakuchitikirani. Magalasi am'mbali mwa galimoto ndi a mtundu umenewu, chimodzimodzinso matambula a Duralex a ku France ndi ena ambiri ogwiritsidwa ntchito m'malesitilanti. Musanagule, tembenuzani tambula muwerenge pansi pake kapena pa katoni. Mukaona mawu akuti tempered kapena toughened, ibwezeni pashelefu. Mbale zophikira mu uvuni monga za Pyrex nazonso zisiyeni: zina ndi zolimbitsidwa motero, zina ndi za galasi lolimba kwambiri limene limadya timitu.

Pewaninso matambula opyapyala kwambiri, makamaka a vinyo okhala ndi mwendo. Ndipo mabotolo a zakumwa amene timabweza kugolosale musawakhudze. Amenewo amabwerera kufakitale kukathiridwanso chakumwa cha gasi, ndipo botolo lokandidwa likhoza kudzaphulikira munthu wina m'manja. Ophunzirira abwino ndi mabotolo a jamu, a mayonezi, a khofi ndi a vinyo amene anthu amangotaya. Obiriwira ndi ofiirira ndi abwino kwambiri kwa woyamba chifukwa mzere woyera umaonekera patali. Pemphani anzanu amene ali ndi malo odyera kuti azikusungirani.

Mwafunsa ngati munthu angaphunzire payekha. Angathe, ndipo ena mwa anthu otchuka pa lusoli sanakhale amisiri a m'fakitale. Anna Roemers Visscher wa ku Amsterdam, yemwe anamwalira mu 1651, anali mayi wolemba ndakatulo amene ankagoba maluwa, tizilombo ndi zilembo zokongola pa matambula a vinyo pogwiritsa ntchito kansonga ka dayamondi, ndipo ntchito zake zina zikusungidwa ku Rijksmuseum mpaka lero. M'zaka za m'ma 1720, Frans Greenwood wa ku Dordrecht anatchukitsa njira yojambula ndi timadontho tokhatokha: kugogoda galasi pang'onopang'ono ndi nsonga ya dayamondi, timadontho tothithikana pamalo owala, totalikirana pamalo amthunzi. Njirayi itaiwalika, Laurence Whistler wa ku England anaitsitsimutsa m'zaka za m'ma 1930, ndipo anadzakhala mtsogoleri woyamba wa bungwe la Guild of Glass Engravers limene linakhazikitsidwa mu 1975. Visscher ndi Greenwood analibe magetsi n'komwe. Chida chawo chinali kamtengo kokhala ndi kadayamondi kunsonga.

Chida chotero chikadalipo, ndipo ndikukulimbikitsani kuti mukhale nacho. Chimaoneka ngati cholembera, nsonga yake ndi ya dayamondi kapena ya chitsulo cholimba chotchedwa tungsten carbide, ndipo amisiri a zitsulo ndi a matailosi amachigwiritsa ntchito polemba mizere. N'chotsika mtengo, sichitenthetsa galasi, ndipo magetsi akathima ntchito siima. Chimaphunzitsanso dzanja kupepuka, chifukwa munthu amamva m'zala zake pamene nsonga yagwira.

Pa kamakina ka kusaluniko, funani timitu ta dayamondi. Timitu tambiri ta makina a zikhadabo timakhala ndi kamwendo ka mamilimita 2.35, kofanana ndi timene amagwiritsa ntchito osula ndolo ndi mphete, choncho n'tosavuta kupeza. Poyamba titatu tikukwanirani: kamutu kozungulira kakang'ono kwambiri kolembera mizere, kena kozungulira kokulirapo kodzazira m'kati mwa zilembo, ndi kamwala kobiriwira kamene kamasiya kuyera kofatsa, koyenera pa mithunzi ya masamba ndi maluwa. Timitu ta mano akuluakulu topalira zikhadabo zomata musatiike pa galasi, timagumula. Liwiro likhale lapakati. Dremel imafika maulendo 35,000 pa mphindi, koma pa tambula simufunika liwiro lonselo. Mukadzaigula m'tsogolo, mudzagulenso chingwe chake chopindika chokhala ndi chogwirira chopyapyala, chifukwa makinawo paokha ndi olemera ndipo dzanja limatopa msanga.

Tsopano tikhale pansi tilembe dzina. Tsukani tambula ndi sopo, muipukute ndi sipiriti kuti mafuta a zala achoke. Yalani thaulo lopinda pawiri patebulo lolimba, losagwedera. Nyali ikhale cham'mbali, kuwala kuzibwera mopendekera, chifukwa kukachokera pamwamba penipeni mzere suoneka.

Zilembo zanu zikukhota chifukwa mukulemba pa chinthu chozungulira popanda mzere wokutsogolerani. Njira yake nayi. Imikani tambula patebulo loyalana bwino, thiranimo madzi kufika pamene mukufuna kuti zilembo zikhalire. Madzi sanama, amakhala mowongoka nthawi zonse. Tengani pentopeni yosafufutika ndi madzi, mutsatire mzere wa madziwo kunja kwa tambula. Onjezerani madzi kufika pamene mitu ya zilembo idzalekezere, mujambule mzere wachiwiri. Khuthulani madziwo, mupukute. Mizere iwiriyo musaigobe. Ndi yongokutsogolerani, ndipo sipiriti adzaifufuta pomaliza. Kuchokera pamlomo wa tambula siyani masentimita awiri osakhudza, chifukwa pamenepo m'pofooka komanso m'pamene milomo ya womwa imafika.

Dzinalo lilembeni kapena lisindikizeni papepala pa saizi yeniyeni, mulimate ndi selotepi m'kati mwa tambula zilembo zikuyang'ana kunja. Apa pali msampha. Galasi lili ndi kuchindikala kwake, ndiye mukasuntha mutu pang'ono, chilembo chapapepala chimaoneka ngati chasunthanso. Mukagoba motsatira pepala mwachindunji, theka la chilembo lidzakhala apa, theka lina apo. Choncho yambani mwakopera zilembozo kunja ndi pentopeni, mutu uli malo amodzi, diso lili moyang'anizana ndi chilembo chimene mukukopera. Mukatha chotsani pepalalo, mulowetsemo nsalu yakuda yothinana. Dzina lisatenge malo oposa gawo limodzi mwa magawo atatu a kuzungulira kwa tambula, kuti munthu aliwerenge osatembenuza.

Nsalu yakudayo ili ndi phunziro lake. Papepala, chimene mwalemba ndicho chimada ndipo chotsala chimayera. Pa galasi n'zosemphana: pamene mwagoba ndi pamene pamawala, pamene simunakhudze pamakhala mdima. Pa zilembo izi sizivuta, koma mukadzayamba kujambula duwa kapena nkhunda, muzidzagoba mbali imene dzuwa likuomba, mthunzi n'kuusiya wosakhudza. Oyamba ambiri amayeretsa chithunzi chonse mpaka chimangokhala chigamba choyera chopanda moyo.

Gonekani tambula pathaulo, dzanja lamanzere liigwire mofatsa. Zigongono zonse ziwiri zitsamire patebulo, ndipo kachala kakang'ono ka dzanja logobalo kakhudze galasi kuti dzanja lisanjenjemere. Dutsani koyamba mopepuka kwambiri m'mphepete mwa chilembo chilichonse, kungosiya kamzere kopyapyala ngati tsitsi, mukukokera chida kwa inu. Chidacho chikafuna kuthawira mbali imodzi, sinthani kumene mukulowera, musalimbane nacho. Pokhota, monga pa o kapena pa s, tembenuzani tambulayo, dzanja logoba likhale pamalo ake. Kamzere koyambako kakatha, inki ikhoza kuchoka osadandaula, chifukwa njira yaikidwa kale. Ndiyeno bwererani kachiwiri ndi kachitatu kukulitsa mizere ndi kudzaza m'kati. Maulendo atatu opepuka amatulutsa chilembo chosalala. Ulendo umodzi wamphamvu umasiya m'mphepete mwake muli mobenthukabenthuka.

Musathamangire mayina. Botolo loyamba lidzazeni ndi mizere yowongoka yokhayokha, yoimirira ndi yogona. Lachiwiri, timizere tozungulira. Lachitatu, timadontho, kuyambira tothithikana mpaka totalikirana. Kenako tengani mawu amodzi, monga akuti Zikomo, amene ali ndi mizere yopendekera, yoimirira ndi yozungulira yomwe, muwalembe mobwerezabwereza. Mabotolowo musataye, lembani tsiku pansi pake kuti muziona mmene dzanja likusinthira. Akuluakulu anati kuona maso a nkhono n'kudekha, ndipo pa ntchito iyi palibe njira yachidule. Tsiku limene mudzalembe mawuwo pa mabotolo angapo motsatizana n'kupeza kuti onse akufanana, ndiye kuti mwafika poti n'kugwira tambula ya munthu.

Za chitetezo musazione mopepuka. Kachidutswa ka galasi kakalowa m'diso simungakachotse ndi mpango, ndi nkhani ya kuchipatala. Valani magalasi oteteza maso nthawi zonse, ngakhale pogwiritsa ntchito chida cha pamanja chija, ndipo valani masiki yothina bwino kumphuno. Fumbi loyeralo ndi galasi lomwelo, choncho musaliuzire ndi pakamwa, musalisese louma. Lipukuteni ndi nsalu yonyowa. Musagwirire ntchitoyi kukhitchini kapena patebulo lodyera, ndipo ana akhale kutali. Mangani tsitsi ndi mpango kuti zisakodwe m'makina. Popeza mukuseweretsa madzi pafupi ndi magetsi, soketi ndi mawaya zikhale pamwamba, kutali ndi siponji, ndipo manja akhale ouma pozimitsa ndi poyatsa. Mudzaonanso pa intaneti anthu akupaka mankhwala onga phala pa galasi kuti liyere popanda kugoba. Mankhwala otero amakhala ndi fluoride wa mtundu umene umadya galasi, ndipo akagwera pakhungu amalowa mkati n'kuwotcha mnofu munthu asanamve ululu weniweni. M'nyumba ya ana awiri, amenewo asalowe.

Chimene chagobedwa pa galasi sichifufutika. Chida chikaterereka pang'ono, nthawi zina kamzereko mukhoza kukasandutsa tsamba kapena mchira wa chilembo, ndipo n'chifukwa chake n'kwanzeru kuika timaluwa m'mbali mwa dzina pomaliza osati poyamba. Koma dzina likalakwika, tambulayo yatha. Choncho mwini ntchito azikulemberani yekha mayina ndi tsiku pa WhatsApp, inu mum'tumizire chithunzi cha pepala lanu lija, avomereze musanakhudze galasi. Mayina athu ali ndi misampha yake: wina amalemba ndi l wina ndi r, wina amaika h wina saika, ndipo kachizindikiro ka pa ng' kakasowa mwini dzina sakondwa. Munthu akabweretsa tambula yakeyake, makamaka ya mphatso kapena yosiyiridwa ndi makolo, muuzeni poyera musanayambe kuti galasi likhoza kusweka, mugwirizane chochita zikatero. Poika mtengo werengerani tambula, timitu timene tikutha, nthawi yanu, ndi tambula yapadera yodikira ngozi.

Nkhani ya matambula 50 ija ndiyankhe mosabisa: lonjezo limenelo libwezeni m'mbuyo. Ntchito zambirimbiri zofanana amazipanga ndi makina a laser kapena opopera mchenga, amene amatulutsa matambula ochuluka pa tsiku, onse ofanana ndendende. Dzanja silingapikisane nawo pa liwiro, ndipo mukaliumiriza mudzatopa, mudzayamba kukanikiza, matambula adzayambanso kusweka ukwati uli mawa. Dzanja limapambana pa chinthu chimodzi chopangira munthu mmodzi. Ngakhale ntchito zikuluzikulu za lusoli zinadya nthawi: John Hutton anatha zaka pafupifupi 10 akugoba zithunzi 66 za angelo ndi oyera mtima pa khoma la galasi la tchalitchi chachikulu cha Coventry, chimene chinatsegulidwa mu 1962, ndipo anagwiritsa ntchito chida chozungulira chogwira m'manja.

Pitani kwa achimwene anu sabata ino, nthawi ikadalipo, mukawauze kuti mupanga matambula awiri a mkwati ndi mkwatibwi, ndipo dzanja likalola muwonjezera a ankhoswe ndi a makolo a mbali zonse ziwiri. Alendo enawo muwamangire maliboni ndi timakhadi, zimene ndi ntchito yanu kale. Gulani matambula ochindikala bwino, osalimbitsidwa ndi moto, ndipo pa awiri alionse muwonjezere imodzi yapadera. Kuyambira lero mpaka kumapeto kwa Novembala, mphindi 30 patsiku pa mabotolo a jamu, ndipo matambula enieniwo muwagobe kutatsala masabata awiri kuti ukwati uchitike, kuti imodzi ikasweka mukhale ndi mpata wobwereza. Nkhani ya Dremel mudzaiganizire mu Januwale, mutaona kuti ndi angati mwa alendo a paukwatipo amene afunsa nambala yanu.